Kafue yonse pa chitseko chimodzi

Foni inalira pa Chitatu usiku, nthawi ija imene munthu satuma foni pokhapokha pali maliro. Anali ba anti anga a ku Kafue. Mtima unagunda. Koma sanali maliro iyayi.

"Iwe, bwela ukambe na ba ankolo bako. Chitseko chija ngati sibachichosa mu chipinda pofika pa 1, ine nizachipwanya niike pa moto. Nili na muntu afuna kuchita lenti."

Imwe amene mumawerenga tsamba lino mukudziwa kuti ine ndimakonda kukutumani kumalo kumene kuli nsomba yowotcha ndi zakumwa zozizira. Sabata ino pepani, ndikukutengani kukaona chitseko. Musatseke nyuzi mwamsanga, chifukwa pa chitseko ichi pali mtsinje, pali siteshoni, pali mafakitale awiri, pali chulu, ndiponso pali ulalo umene wakana kutha kwa zaka zitatu.

Kuchoka mu Lusaka kufika ku Kafue ndi makilomita ngati 45. Mukakwera minibasi mu tauni mudutsa Makeni, mufika pa Chilanga pamene pali fakitale ya simenti ndi Munda Wanga, mupita pa geti yolipira ya Shimabala, kenaka mapiri ayamba kuoneka. Ndi ola limodzi ngati kondakita alibe njala. Ngati ali nayo, muzaima paliponse pamene pali munthu, olo amene wakweza dzanja kuti akande chabe m'khwapa.

Ambiri a ife Kafue timaidziwa pa windo: mahampu, matiraki a ku Chirundu, azimayi a nthochi, ulalo wa mseu, kenaka pa Turnpike pamene mseu umagawikana, wina ku Chirundu wina ku Mazabuka ndi Livingstone. Njanji sitimaiyang'ana nkomwe. Koma tauni iyi inayamba ndi njanji, ndipo ba ankolo anga sangakulekeni mukhale pansi musanavomere zimenezo.

Dzina lawo sindilemba. Anandiletsa okha: "Ukanilemba mu nyuzi bantu bazaganiza nili na ndalama, bazabwela kupempha nkongole." Chimene ndingakuuzeni ndi ichi: analowa nchito ya njanji m'zaka za m'ma 1970, poyamba mu gulu lokonza njanji ndi piki ndi fosholo, pambuyo pake anakhala shanta, munthu uja amene amalumikiza ndi kulekanitsa mawagoni pa siteshoni. Manje anapuma kale, amakhala ku Shikoswe, ndipo diso lamanzere lagwidwa ndi ng'ala.

Chitseko chenichenicho ndi chathabwa, chija anachichotsa kumaso kwa nyumba pamene anaikapo chachitsulo. Kutalika mamita awiri. Anachigoneka pa madiramu awiri mu chipinda cha kumbuyo, ndipo pamwamba pake anamangapo Kafue. Mukalowa, choyamba mumva fungo la guluu ndi vanishi. Mukawerama, maso akafika pa mulingo wa thabwa, muona njanji ikuchoka ku khona, ikudutsa kasiteshoni kamalata, ikugawikana kukhala mizere itatu, kenaka ikutsikira ku mtsinje. Pali tuanthu pa pulatifomu. Pali kambuzi. Pali kamzimayi kanyamula beseni pamutu, ndipo mu beseni muli tunthu tachikasu tumene ba ankolo analumbira kuti ndi vitumbuwa.

Ndinaseka, sindinama. Ndiye ndinaleka kuseka pamene ndinazindikira mtengo wa mango umene uli kumbuyo kwa kasiteshoniko, chifukwa ndinadyapo mango ake ndili mwana.

Zonse, ati, zimayamba ndi kamunthu. Ukadziwa kutalika kwa kamunthu, wadziwa kutalika kwa chitseko cha nyumba, kwa wagoni, kwa mtengo. Kamunthu kawo ndi masentimita awiri. Muyeso umenewu anautenga mu magazini yakale ya azungu imene anaigula kwa anyamata ogulitsa mabuku pansi mu tauni. Kunja uku, anthu amene amakonda masewera a tusitima amautcha HO: chinthu chilichonse chimachepetsedwa ka 87. Munthu wa mita imodzi ndi masentimita 70 amatsala masentimita awiri osakwana bwino. Ku Britain amakonda wina wotchedwa OO, wochepetsa ka 76, ndipo amene ali ndi tuzipinda tung'ono amatenga N, wochepetsa ka 160.

Musaganize kuti ndi za ana. Ku Hamburg, ku Germany, kuli malo otchedwa Miniatur Wunderland, amene anatsegulidwa mu 2001 ndi mapasa awiri, Frederik ndi Gerrit Braun, ndipo anthu amalipira ndi kuima pa mzere kuti akaone tusitima tukuyenda m'mizinda yopanga. Woimba uja Rod Stewart anatha zaka zopitirira 20 akumanga mzinda wake wa tusitima pamwamba pa nyumba yake. Kusiyana kwake ndi kwakuti iwo amalowa mu shopu ndi kugula injini ya Hornby kapena Märklin ili m'bokosi. Ba ankolo shopu yawo ndi dzala, malo okonzera njinga, ndi kabati ya ba anti.

Ndipo olo mukanawapatsa njanji ya mu shopu, akanaikana. Mdzukulu wina anawabweretsera kabokosi kochokera ku Johannesburg, iwo anakayang'ana kamodzi chabe ndi kukabweza. "Iyi ni njanji ya ku Ulaya, yatanuka maningi." Ndinaganiza kuti ndi matama a ukalamba, koma masamu ali kumbali yawo. Njanji ya HO ya mu shopu ndi mamilimita 16.5 pakati, chifukwa imatsanzira njanji ya ku Ulaya ya mamilimita 1,435. Yathu kuno, kuchoka ku Cape Town mpaka ku Copperbelt, ndi mamilimita 1,067. Mukagawa ndi 87 mupeza 12 ndi kakang'ono. Diso la shanta linaona zimene ine ndinachita kufufuza pa kakyuleta ya foni.

So njanji anapanga yawo. Zitsulo zake ndi masipoko a njinga owongoledwa bwino. Masilipa ndi timitengo ta machisa, kalikonse kodula pakati, konyikidwa mu tiyi wakuda kuti kafanane ndi mukusi, mtengo wolimba uja umene unali kuchokera ku Mulobezi. Miyala ya pansi pa njanji ndi mchenga wa mu mtsinje wosefedwa kawiri. Ngati mufuna kuyesa kwanu, chinsinsi chake ndi ichi: thirani mchenga uli wouma, ukonzeni ndi kaburashi, ndiye mudonthezere guluu wa mapulanga wosungunula ndi madzi, muikemo kadontho ka sopo wotsukira mbale. Sopoyo ndiye amachititsa kuti madzi alowe pansi osakokolola mchenga. Mukaiwala sopo, muzalira.

Tsiku lotsatira m'mawa anati tiyende tikaone chenicheni, kuti ndileke kukamba zinthu zimene sindidziwa. Tinayenda pang'onopang'ono, iwo atagwira phewa langa pamalo pamene pali maenje. Pa siteshoni panali zii. Mawagoni angapo ataima pa mzere wa kumbali, udzu ukumera pakati pa masilipa, ana a sukulu akudumpha njanji ngati akudumpha ngalande. Mukabwera kuno, perekani moni kwa amene muwapeza pa nchito ndipo pemphani musanatulutse foni kujambula. Maulalo ndi masiteshoni si malo ojambula mwachisawawa mu dziko lino, ndipo mukachita matama muzafotokoza kwa anthu amene sakonda nthabwala. Pa ulalo wa sitima musayendepo. Uoneni muli pansi, chapatali, ndipo musayandikire madzi kwambiri chifukwa ng'ona za mu Kafue sizinapume nchito.

Ulalo uja ukaonekera, olo munthu wosakonda zitsulo amakhala chete pang'ono. Unamangidwa mu 1906, chaka chimodzi chabe pambuyo pa ulalo wa pa Victoria Falls umene unatha mu 1905. Uli ndi zigawo 13 zachitsulo, chilichonse mamita ngati 33, zokhala pa nsanamira za konkire. Wonse ndi mamita 427, ndipo unali ulalo wautali kuposa onse pa njanji za Rhodesia Railways. Kampani ya George Pauling ndiyo inali kukoka njanji kupita kumpoto, ikuthamangira mgodi wa mtovu ndi zinki wa ku Broken Hill, imene lero timati Kabwe. Njanji inafika kumeneko mu 1906 momwemo, ndipo pofika 1909 inali pa malire a Congo. Lusaka amene timanyada naye leroyu panthawiyo anali kasayidingi chabe, malo opatukira sitima pafupi ndi mudzi wa a Lusaaka. Likulu anakhala mu 1935. Ba ankolo amakonda kukamba zimenezi mokweza akaona nambala ya motoka ya ku Lusaka.

M'mabuku muli dzina la Pauling. Maina a amuna amene ananyamula zitsulo ndi simenti m'madambo a udzudzu aja mulibe. Pa chitseko chawo ba ankolo anaikapo tuanthu tuwiri tutakhala pansi pa nsanamira yoyamba, tulibe nsapato. Sanandiuze kuti ndi ndani, ndipo sindinafunse.

Manje apa ndiye pali mlandu wonse. Tengani mamita 427 mugawe ndi 87. Mupeza pafupifupi mamita asanu. Chitseko ndi mamita awiri. Chipinda chonse ndi mamita atatu. Chigawo chimodzi chokha cha ulalo chimatuluka masentimita 38. Anzawo a kunja aja akafika pa vuto lotere amadula: amamanga zigawo zinayi kapena zisanu, ndipo aliyense amamvetsa kuti ndi chifaniziro chabe. Ndinawauza choncho, mwaulemu.

"Ba ankolo, nanga mukaika vigawo vinayi chabe? Palibe amene azapenda."

"Ine nizapenda. Ulalo wa vigawo vinayi ni wa kwinangu, si wa Kafue. Napitapo kangati pa ulalo uja, iwe? Usiku, mu gadi vani, sunali kuona kantu, unali kumvela chabe. Ukapenda 13 waziba kuti wafika pa nyumba."

Ndiye pulani yawo inali yakuti ulalo utuluke pa khomo la chipinda, udutse mu kolido, ukathere pafupi ndi firiji. Apa mwayamba kumvetsa ba anti.

Zigawo amazipanga ndi nthiti za maambulera akutha. Yang'anani ambulera yanu bwino: kanthiti kalikonse kali ngati kangalande, ndendende ngati chitsulo cha ulalo. Amadula ndi pulayala, amayala pa pepala limene analembapo mizere, amamanga mfundo iliyonse ndi kawaya kamkuwa kochokera mu wailesi yakufa, ndiye kadontho ka guluu. Chigawo chimodzi chimadya maambulera awiri ndi miyezi itatu kapena inayi. Atha zisanu ndi zinayi. Ziwiri zili pa chitseko, zina zili pamwamba pa wadiropu zokulungidwa mu chitenge. Zatsala zinayi, ndipo kawaya kaja sakukaonanso. Chigawo chachisanu ndi chinayi ndinachigwira ndekha: mfundo zake ndi zazikulu, zina zaphonya. Iwo akudziwa. Anachilanda m'manja mwanga msanga.

Mawagoni ndiwo amawakonda kuposa zonse, kaili ndiwo anali moyo wawo. Ali nawo 14. Otseguka pamwamba, a malasha, anawadula ku zitini za nsomba. Matanki a mafuta ndi mabatire akale a tochi. Otsekeka ndi makatoni opyapyala, ndi timizere ta machisa m'mbali. Mawilo ndi mabatani achitsulo odina aja a pa zovala za ana. Pansi pa wagoni iliyonse pali kapaipi ka mabuleki kochokera ku chingwe cha chaja yakufa, ndipo kumapeto kuli cholumikizira chosemedwa ku chogwirira cha mswachi, chopindika ngati manja awiri ogwirana, monga momwe chilili chenicheni. Palibe amene angaone zimenezi pokhapokha agone pansi ndi tochi. Ndinawauza. Anati wagoni yopanda mabuleki siichoka pa siteshoni yawo.

Chimene chinandidabwitsa ndi chakuti akatha kupanga wagoni yokongola, amaidetsa dala. "Wagoni yoyela ni boza," ati. Amapala dzimbiri pa lata lakale, amalipera kukhala ufa, amalipaka ndi chala m'makona ndi pa mabauti. Fumbi la malasha limapita pamwamba, dothi lofiira pansi pafupi ndi mawilo, chifukwa ndi mmene mvula imathovutsira matope. Pa tanki amadonthezera kamzere kakuda kuchoka pa chivundikiro kutsika m'mbali. Wagoni ina anaiponda pang'ono ndi msomali, ati ndi pamene inagundidwa ndi foloko ya makina onyamulira. Manambala amalemba ndi kamtengo ka machisa kosongola, ndipo ino ndi nchito ina imene diso lawakaniza.

Katundu wake naye ali ndi malamulo. Malasha ndi malasha enieni a pa mbaula, opera ndi kusefa ndi sefa ya tiyi (ba anti sakudziwa kuti ndi sefa iti). Matumba a fetereza ndi a shuga wa ku Mazabuka ndi tuzidutswa ta sopo wochapira. Kopa ndi tumapepala tonyezimira topakidwa penti. Pofuna kuthandiza, ine ndinalumikiza mawagoni a kopa kuyang'ana ku Lusaka. Mudala anakuwa ngati ndaponda mwana.

"Iwe! Kopa iyenda kuti? Ufuna kuibweza ku mugodi?"

Pa njanji iyi malasha a ku Maamba ndi a ku Hwange amakwera kumpoto, kopa ya ku Copperbelt imatsika kumwera. Ndi phunziro la jogirafi limene ndinagona nalo mu kalasi, ndinalipeza pa chitseko.

Mainjini ali nawo awiri. Ina ndi ya dizilo, ya mtundu wa General Electric, ija inayamba kubwera kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, panthawi imene Rhodesia Railways inagawikana mu 1967 ndipo Zambia Railways inabadwa, likulu lake ku Kabwe. Inayo ndi Garratt, chilombo cha malasha chimene anali kuchiona ali mwana. Ngati simunaonepo Garratt, ganizirani boila yaikulu yopachikidwa pakati, mainjini awiri kutsogolo ndi kumbuyo, tanki ya madzi kumaso, malasha kumsana. Anali kuzipanga a Beyer, Peacock ku Manchester, ndipo chifukwa zimapindika pawiri zinali kukhoza makona a njanji yathu yopapatiza zikukoka katundu wolemera. Boila ya ba ankolo ndi paipi ya magetsi ya mamilimita 25, ndipo injini yonse italikirapo pang'ono kuposa lula ya kusukulu. Siiyenda yokha. Amaikoka ndi ulusi wa mbedza wodutsa pansi pa thabwa. Ngati mufuna kuona mainjini enieni a malasha, pitani ku Railway Museum ku Livingstone, ali chiimire kumeneko. Mupite ndi ana.

Za nthaka ndi mapiri sindikhalitsapo, koma imvani iyi. Phiri loyamba analipanga ndi manyuzi ndi phala la unga. Linauma bwino, linaoneka bwino, ndipo mu sabata imodzi makoswe analidya lonse mpaka ndi tchalitchi chimene chinali pamwamba. Lachiwiri ndi la dothi la pa chulu ndi guluu wa mapulanga. Udzu ndi chingwe cha khonje chodula tating'ono, ndipo sanaupake wobiriwira, chifukwa pa chitseko chawo ndi mwezi wa Okutobala nthawi zonse: udzu wofiirira, malo ena akuda pamene papita lupsa. Malata a nyumba ndi kapepala konyezimira ka mu paketi ya fodya, kodindidwa pa mano a chisakulo. Mitengo ndi waya wa mabuleki a njinga womasula kumapeto, masamba ake siponji yakale. Bwato ndi khoko la nshawa.

Madzi ndiwo anandigwira mtima. Mwana aliyense akajambula mtsinje amatenga buluu. Ba ankolo anati aliyense amene amapaka Kafue buluu sanaiyang'anepo. Yawo ndi yakuda mobiriwira pakati, yofiirira m'mbali, ndi vanishi wopakidwa kasanu ndi kawiri kuti inyezimire. M'mphepete muli bango, ndipo pa nsanamira za ulalo paunjikana tusiponji tobiriwira, udzu woyandama uja umene tonse timautcha Kafue weed, umene umavutitsa asodzi. Mukumbukire kuti madzi ambiri a mu mapompi a Lusaka amachokera mu mtsinje womwewu, pa Iolanda. Mukatsegula pompi mawa m'mawa, ngati atuluka, mwamwa Kafue.

Madzulo tinakangana pa nkhani ina, ndipo pa iyi ndikuganizabe kuti ine ndinali ndi mfundo. Ndinawafunsa kuti Kafue ya pa chitseko ndi ya chaka chanji. Anati 1975. Ku khona kuli Nitrogen Chemicals, imene inayamba kupanga fetereza mu 1970, ndi utsi wa thonje pa chumuni. Pambali pake pali Kafue Textiles, kumene kunali kuchokera vitenge vimene amayi athu anatiberekera. Pali mizere ya nyumba za ku Kafue Estates, ndi tunjinga tambiri tawaya pa geti ya fakitale. Ati nthawi ija belu ya fakitale ikalira, mseu unali kudzaza njinga mpaka motoka kuima.

Koma 1975 inali nthawi imene malire a kumwera anali otseka. Anatsekedwa mu Januwale 1973, ndipo njira ya sitima ya kumwera inatsegukanso kwa katundu wathu mu 1978. TAZARA, yochoka ku Kapiri Mposhi kupita ku Dar es Salaam, inaperekedwa mu 1976 kuti kopa ipeze njira ina. Nanga kopa yawo yotsika kumwera ija ikupita kuti? Nanga Garratt ya ubwana wawo ikuchita chiyani pambali pa dizilo? Ndinawauza kuti Kafue yawo siinakhaleko chaka chilichonse, anatola zabwino za zaka zosiyana ndi kuziika pamodzi. Fakitale ya nsalu inatseka kale. Njanji yomwe inapita m'manja mwa Railway Systems of Zambia mu 2003, boma ndi kuitenganso mu 2012. Lero katundu wambiri amayenda pa matiraki amene amatipwanyira mseu. Zonsezi pa chitseko palibe.

Anakhala chete nthawi yaitali. Ndiye anati, "Iwe ulemba nyuzi, lemba vamene viliko. Ine chitseko ni changa."

Sindinayankhe. Koma wina anali atawayankha kale, ndipo ndi amene ndikufuna mumudziwe. Pa nyumba yoyandikana pali kamnyamata ka zaka 12, katswiri wa mamotoka a waya. Imwe amene munakulira mu komboni mukudziwa mtundu wake: chiwongolero chachitali, mawilo a patapata yakale, masipuling'i enieni amene amadumpha pa mwala. Ife tinali kupanga zimenezi tisanadziwe kuti kunja kuli anthu amene amalipira ndalama zambiri pa masewera omwewo. Kamnyamata aka kanayamba ndi kusuzumira pa windo, kenaka kutumidwa kukatola masipoko, manje ndiko kamalemba manambala pa mawagoni. Tsiku lina mudala atagona, kanaika pafupi ndi siteshoni kabokosi ka machisa kopakidwa penti, ndi kawindo, ndi kamtsikana mkati: kabuthu ka mobile money. Kumbuyo kwa phiri kanaimika nsanja ya netiweki ya waya.

Ba ankolo anaviona m'mawa. Anakalipa tsiku lonse, ati mu 1975 munalibe vopusa ivi. Koma pamene ine ndinafika, patapita miyezi iwiri, kabuthu kanali pamalo pake, ndipo winawake anali atakadetsa m'munsi ndi dothi lofiira. Kamnyamata kanandinong'oneza kuti si iko.

Mlandu wa chipinda tinauweruza pa Sondo titachoka ku tchalitchi, pa nsima ndi nsomba ya mu Kafue yokazinga, imene ndikukulangizani musachoke mu tauni iyi musanailawe. Ba anti sali olakwa, ndikambe poyera. Ndalama ya lenti ndiyo izalipira malaiti, mankhwala, ndi ulendo wa ku chipatala cha maso umene mudala wakhala akuuzemba chaka chonse. Munthu sangadye ulalo. Koma nawonso ba ankolo akachotsedwa pa chitseko chija, ndikudziwa chimene chizatsala: mpando, wailesi, ndi kuyang'ana khoma.

Anatipulumutsa ndi kamnyamata komweko. Kanatenga tepu ndi kukapima khonde la kumbuyo, lija amasungirako malasha ndi mabeseni. Mamita asanu ndi limodzi ndi theka. Chitseko ndi ulalo wonse zifuna pafupifupi mamita asanu ndi limodzi, ngati zigawo ziwiri zikhala pa chitseko monga zilili. Zikwana, mothinana. Ine ndinalonjeza malata awiri ndi pulasitiki yotchinga mvula isanafike mu Novembala. Ba anti anaika lamulo lawo: chitseko chipita pa khonde, koma mudala apita ku chipatala cha maso mwezi uno, osati mawa lake la masiku onse. Mudala anang'ung'udza, anati madokotala a masiku ano ni bana, kenaka anavomera.

Tinachinyamula anthu anayi, mopendeketsa pa khomo, mtima uli m'mwamba. Kambuzi kanagwa, ndi tuanthu tutatu, ndi chumuni ya Nitrogen. Zina zonse zinafika bwino. Tinatsitsa zigawo za pa wadiropu ndi kuziyala pa thabwa, koyamba kuti zonse zisanu ndi zinayi zikhale pa mzere umodzi. Ba ankolo anayenda m'mbali mwake akuzigwira ndi chala chimodzi chimodzi, akupenda chapansipansi. Pamene zinathera panatsala thabwa lopanda kanthu, lotalika ngati mikono itatu.

Ndikunyamula chola kuti ndikagwire basi, ba anti anatuluka mu nyumba ndi ambulera yakuda ya maliro ija, imene nthiti imodzi chabe ndiyo inali yopindika. Anaiponya pa thabwa osayang'ana munthu. "Iyi yasila. Koma mvula ikabwela muzanigulila ina."

Zigawo zinayi ndi maambulera asanu ndi atatu. Imodzi yapezeka, atsala asanu ndi awiri. Ngati muli nayo yothyoka kumbuyo kwa chitseko, ya nthiti zachitsulo osati zapulasitiki, musaitaye. Isiyeni pa ofesi ya nyuzi ino, munene kuti ndi ya ku Kafue. Ndibwererako pa Chiweru cha kumapeto kwa mwezi ndi malata.